Mtanda wa M'kati mwa Chijasi

Mayi Esnath Kaliwo, amene tinawaika m'manda Loweruka lapitali kuno ku Middlesbrough, anabadwira ku Balaka. Kusoka anaphunzira ali mtsikana pakhonde la sitolo, kwa Che Amidu, telala wachisilamu amene ankasoka mikanjo ya mashehe ndi ya ansembe pamakina amodzi omwewo. Kwa zaka makumi atatu mayiwa anasokera parishi yakwawo zovala za paguwa.

Anafika kuno mu 2011, amuna awo atamwalira, kudzapempha chitetezo. Lamulo silinawalole kugwira ntchito. Manja ankawayabwa, moti ukangovula jekete pafupi nawo unkaipeza mabatani atakhwimitsidwa.

Kutchalitchi ankakhala benchi limodzi ndi Bambo Boutros, wansembe wofatsa amene anathawa kudera lolamulidwa ndi Asilamu. Kumeneko olamulira anawaletsa kuyenda mumsewu atavala mkanjo kapena kuonetsa mtanda. Pothawa anasiya zovala zawo zonse zaunsembe.

"Wansembe wanji wovala juzi ya mpira?" anatero mayi Esnath. "Ndikusokerani mkanjo. Kuno muzikwera nawo ndi basi yomwe."

Anasoka pamanja miyezi isanu ndi iwiri, maso akuchita chidima ndi matenda a shuga. Nsalu inali yakuda, ndipo kumsana anaikako mtanda waukulu wa ulusi wofiira, woti aliyense auonere patali. Utatsala mpendero wokha, kalata inafika: boma lawakanira Bambo Boutros chitetezo, akubwezedwa kwawo.

"Mayi," anatero bambowo, "akakaupeza mtanda uwu m'chikwama changa, sindikafika kunyumba."

Mayi Esnath analira, ndipo sanatibisire kuti Mulungu anamukwiyira sabata yonse. Kenaka anatenga lezala, nachotsa ulusi wofiira uja pang'onopang'ono, nadula mkanjowo kukhala chijasi wamba. M'kati, pansi pa kolala, anasokamo kamtanda kochepa ngati chikhadabo.

Bambo Boutros anawakweza ndege mu 2016, ndipo sitinamvenso za iwo. Lamulungu lililonse mayiwa ankatifunsa ngati pali uthenga, koma sunabwere. "Akadzabwera ndidzabwezera mtanda uja kumsana, malo ake," ankatero. Nawonso mayiwa mapepala awo owalola kukhala kuno sanatuluke.

Anamwalira mwamtendere m'chipatala, atalandira Ukaristia, kolona ili m'manja. Stella, namwino wa m'parishi mwathu, posonkhanitsa zovala zawo anapeza m'thumba la diresi kampukutu ka ulusi wofiira, wopindikapindika chifukwa unasokedwapo kale, singano itabayidwa pomwepo. Tinawaika nawo m'bokosi.