Akuti amuna anga analakwitsa tsiku lomwalira

Mawu amenewa anandiuza ndi kalaliki wa ku ofesi ya maphunziro ku boma, masana dzuwa likuswa mtengo. Mpaka lero sindinawaiwale.

Malemu amuna anga, a Twaibu, ankaphunzitsa Sitandade 2 ku Kanyenda. Setifiketi analibe, anali mphunzitsi wogwirizira. Teremu ikatha, ntchito yatha. Ikayamba, awalembanso. Anachita zimenezo mpaka imvi. Chibayo chinawatenga pa holide.

Ine ndinalowa eda, mwambo wathu wa Chisilamu: namfedwa amakhala m'nyumba ya mwamuna wake miyezi inayi ndi masiku khumi. Mwezi usanathe, ahedi anabwera kudzandiuza kuti nyumba ya sukulu imene tinkakhalamo ikufunika, kukubwera mphunzitsi wa setifiketi. Ndinatuma mlamu wanga ku boma kukapempha kuti ndimalize eda. Anamubweza. Akuti abwere mwini nkhani.

Ndinafunda nsalu, ulendo. Pakhomo pa ofesiyo mnyamata wa chipani anafuna khadi ya umembala, poti inali nthawi ya chipani chimodzi. Ndinamuonetsa yanga ndi ya malemu yomwe. Iye sanafunse za holide, khadi inali yamoyo chaka chonse.

Ndinafika 8 koloko. Anandiitana 2 koloko, kalaliki akupukuta mafuta a chambo m'manja.

"Mayi, anamwalira liti?"

"Pa holide, bwana."

"Aaa, ndiye pamenepo sanali mphunzitsi wathu. Lamulo likuti wogwirizira amalembedwa teremu ndi teremu. Akanapirira sukulu n'kutsegulira, bwenzi tikukamba zina."

"Pepani bwana, Mulungu sanaone kalendala yanu. Nanga poti sanali mphunzitsi, munyumbamo ankagonamo ngati ndani? Mleme?"

Anati ndisachite chipongwe mu ofesi ya boma. Ndinanyamuka n'kutuluka. Masiku amenewo pakamwa pankagonetsa munthu kutali.

Ashehe anati pa vuto lotere nditha kukamalizira eda kwa achimwene. Ndinasamuka, mpunga wanga kudambo usanache.

Wa setifiketi uja anabweradi pa lole. Anayang'ana denga lodontha, kuyang'ana msewu, kumenya udzudzu pa tsaya, n'kukweranso lole yomweyo. M'nyumbamo munalowa mbuzi za ahedi. Kaya izo zinali ndi setifiketi, sindinafunse.

Ndiye amayi anzanga okwatiwa ndi aphunzitsi ogwirizira, auzeni amuna anu bwinobwino. Akamva m'thupi kuti zafika, ayambe afunsa ngati belu lalira. Amwalire teremu ili mkati, choko chili m'manja.