Khosi Lopanda Bala ku Ofesi ya Inshuwaransi

Ndinanyamuka kwathu ku Nsambe Lachiwiri m'mamawa, mu Okutobala wa chaka chotsatira chisankho cha zipani zambiri. Mapepala anga atatu, lipoti la polisi, kapepala ka kuchipatala ndi kalata yondiitana, ndinawakulunga m'jumbo ya shuga n'kuwamangira m'chiuno. Pamwamba ndinavala juzi ya khosi lalitali. Bambo a kunyumba anandiperekeza mpaka pamsewu, akung'ung'udza njira yonse.

"Anthu a ku Blantyre akakupatseni ndalama chifukwa cha khosi losathyoka? Mungokataya thiransipoti, amake Esinati."

"Ndikataya yanga," ndinawayankha. "Ndi ya kachewere wanga."

Ine ndine wogulitsa kachewere. Zaka zambiri ndinkasenza ndekha kuchokera kumunda kukwera naye chitunda mpaka pamsewu. Mu Juni chaka chimenecho, tikupita kumsika wa ku Lunzu pa matola, lole ya kampani ina inatigunda kumbuyo titaima m'mbali mwa tala. Bambo wina anathyoka mwendo, anthu onse n'kuthamangira kwa iye. Ine ndinadzuka, n'kudzisansa, n'kuyamba kutolera kachewere amene anamwazika. Kutacha khosi linakana kutembenuka, ndipo kuyambira pamenepo ngakhale ndowa ya madzi sindinkatha kusenza. Kumapiri kwathu mayi wosasenza ndiye kuti geni yatha. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi: ndalama ya chipukutamisozi yokwana kugula njinga yokankhira matumba anga.

Pikapu inabwera cha m'ma seveni. Mpaka pa boma la Neno inali K15, koma ndinawonjezera K5 kuti ndikhale kutsogolo. Sizinathandize kwenikweni. Msewu wathu umasankha wokha pokumenya, ndipo tsiku limenelo unasankha khosi langa. Dzenje lililonse ndinkalimva mpaka m'mano.

Pa boma ndinalowa m'sitolo ya a Saidi, kumene ndimagula mchere ndi masaka. Iwowa ndi amene anandiuza kuti lole iliyonse ya kampani imakhala ndi inshuwaransi, ndipo ndi amene anandilembera kalata yoyamba. Anandithirira tiyi m'kapu ya chitsulo n'kuyamba kundilangiza ngati namwali.

"Mayi, inu anthu a kumtunda mumachepetsa matenda. Munthu ali pafupi kufa, mumangoti wadzuka ndi litsipa. Kumeneko musakachepetse. Komanso musakasaine chinthu chimene sanakuwerengereni m'Chichewa." Kenako anandiyang'anitsitsa. "Kodi juzi mu Okutobala?"

"Khosili limafuna kutentha," ndinatero.

Linali bodza. Mapiritsi a kuchipatala atalephera, ndinapita mobisa kwa azakhali anga, n'kunditema mphini pakhosi ndi paphewa, osati kamodzi koma katatu. Tsono ine ndinali mtsogoleri wa amayi kumpingo kwathu, kumene mphini n'zoletsedwa, ndipo ine ndemwe ndinkaima kutsogolo kudzudzula anzanga pa zinthu zomwezi. Ankadziwa ndi azakhaliwo ndi bambo a kunyumba basi. Juziyo inali yobisira manyazi anga.

Kutsika kuchigwa ndinakwera kalole konyamula makala, K30 mpaka pa Zalewa. Malo akutsogolo anali atatengedwa, ndiye ndinakhala pathumba nditagwira chibwano ndi manja onse awiri. Amuna amene ndinakwera nawo anali pa mkangano wa zipani, wina akutukwana cha mnzake, winayo akubwezera mowirikiza. Zaka zitatu m'mbuyomo nkhani yotere tikanangoyang'ana pansi tonse. Mkulu wina wa chipewa chong'ambika anandifunsa kumene ndinkapita, ndipo nditamufotokozera anagwedeza mutu.

"Ndiye ufuluwu wafika mpaka kukatsutsana ndi kampani, eti?"

"Sindikukatsutsana nawo, bambo. Ndikungokawaonetsa zimene anandichita."

"Nanga mukawaonetsa chiyani poti palibe bala?"

Funso limeneli linandikhala pamtima mpaka kuchigwa. Kunatentha koopsa, thukuta lili kamukamu m'juzimo, ndipo mayi wina anandifunsa mwachifundo ngati ndinali ndi malungo.

Pa Zalewa tinafika dzuwa lili paliwombo. Ogulitsa anatizinga ndi chimanga chootcha, malambe ndi mbewa zapani. Chimanga ndinachisirira koma kutafuna zolimba kunkandikoka misempha, ndiye ndinagula zitumbuwa ziwiri n'kuteremutsira ndi madzi. Minibasi imene ndinakwera inachedwa kudzaza, ndipo titanyamuka apolisi a pamlatho anasuzumiramo n'kutiuza kuti tizipita. Mpaka ku Blantyre inali K15, anthu anayi pampando wa atatu, ndipo kondakitala anapachika chigongono chake paphewa langa lomwelo mpaka nditamuuza kuti alichotse asanamve zina. Tinadutsa pamalo a ngozi paja. Panalibe chizindikiro chilichonse, mbuzi zokha zikudya makoko.

Ku depoti ya mabasi ya Wenela tinatsika cha m'ma folo, maofesi ali pafupi kutseka. Ndinakagona kwa msuweni wanga ku Ndirande, ndipo m'mawa mwake anandiperekeza mpaka pakhomo la nyumba yosanja mmene munali ofesi ya inshuwaransi n'kuthamangira kuntchito kwake. Blantyre anali atasintha. Mavenda anali atadzaza m'makonde, nyuzipepala mbwee pansi, atsikana atavala mathalauza akuyenda mosaopa munthu. Ndinkafuna kucheuka kuti ndiwaonetsetse, koma khosi linandiletsa miseche.

Mlonda anandikweza chikepe, ulendo wanga woyamba. Pamwamba ndinadikira pabenchi maola awiri. Kenako anandiitana kwa kalaliki, bambo wa tayi yofiira amene ankawerenga mapepala anga atawagwira ndi nsonga za zala.

"Mayi, apa alemba kuti fupa silinathyoke. Munavulala minofu ndi misempha chabe."

"Chabe, achimwene?"

"Komanso munapita kuchipatala patatha masiku anayi. Munthu wovulala amadikira masiku anayi?"

"Kunali maliro a apongozi a mlongo wanga. Ndikanasiya maliro n'kumakadandaula za khosi, anthu akanati chiyani?"

Anapumira m'mwamba. Sanali munthu woipa, anali wotopa. Anandiuza kuti tsiku lililonse kumabwera anthu atagwira khosi, ena akatuluka panja n'kumathamangira minibasi. Kenako anatulutsa fomu n'kunena kuti ngati ndisaina pompo, andipatsa kangachepe kuti nkhani ithe. Ndalama imene anatchula sinkakwana ngakhale matayala awiri a njinga. Mtima unandiwawa, ndipo ndinakwiya. Miyezi inayi ndisakugona bwino, munthu n'kundiyesa wakuba.

"Sindisaina," ndinatero. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndachokera ku Nsambe ndi khosi lomweli, ndipo ndikhala pabenchi lanu lija mpaka mupeze munthu wodziwa kuyeza."

Atamva zimenezi analemba kakalata kopita kwa dokotala amene kampaniyo inkatumizako anthu otere. Anandichenjeza kuti dokotalayo akapanda kupeza kanthu, ngakhale kangachepe kaja sindidzakaona.

Chipatalacho chinali chapafupi, ulendo wa pansi. Anandijambula ekisire, ndipo monga ndinkayembekezera, mafupa anatuluka okongola ngati a mtsikana. Dokotala anali bambo wachikulire wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono. Anandiuza kuti ndiyang'ane kumanja, kenako kumanzere, ndipo ine ndinkatembenuka ndi thupi lonse.

"Vulani juziyo, mayi."

"Simungayeze ili pomwepo, adokotala?"

"Ndiyeza khosi, osati ubweya."

Ndinaganiza zonyamuka n'kubwerera kwa wa tayi yofiira uja kukasaina. Namwino amene anali pambali anandigwira dzanja n'kunena motsitsa mawu, "Amayi, tonsefe tinabadwira kumudzi. Palibe chachilendo chimene mutationetse."

Ndinavula. Manyazi anandigwira moti ndinkangoyang'ana simenti. Dokotala anasendeza nyale n'kuyamba kuloza ndi cholembera.

"Mphini zakudazi anakutemani liti?"

"Mu Julaye."

"Izi?"

"Kumapeto kwa Ogasiti."

"Nanga izi zidakali ndi nkhanambozi?"

"Sabata yathayi."

"Lezala inali ya ndani?"

"Yatsopano, ndinkagula ndekha nthawi zonse."

"Chabwino, koma zilekeni. Sizichiza msempha, ndipo matenda a masiku ano mukuwadziwa." Kenako anayamba kudina ndi chala chachikulu motsatira mzere wa mphinizo, kuyambira kuseri kwa khutu kutsikira paphewa. Atafika pakati ndinakuwa, misozi n'kutuluka yokha. Anadina mbali inayo, sindinamve kanthu. Anabwereranso, ndinakuwanso.

"Makina aja amaona mafupa okha," anatero akusamba m'manja. "Zala zanga zapeza mnofu wouma ngati chingwe, ndipo azakhali anuwo anautsata ndendende. Munthu satemetsa katatu pamalo posapweteka. Zipserazi zikusonyezanso kuti ululuwu wakhala miyezi, si wa dzulo. Ndikalemba zimenezi, lipoti lanu likhala lolimba. Ndikazisiya, ndilembabe zimene ndapeza, koma a inshuwaransi aja akhoza kunena kuti khosi mwaliumitsa dala lero. Thupi ndi lanu, nenani."

Apa m'pamene panali povuta. Kope la lipotilo linkayenera kudzandipeza kumudzi, ndipo makalata athu onse ankadzera m'bokosi la mpingo. Wondiwerengera za Chingerezi analinso mlembi wa mpingo, pokhapokha nditapita mpaka kwa a Saidi, koma envulopu ya ku Blantyre sikanadutsa m'manja mwake osandifunsa. Ndinaona nkhope za amayi onse amene ndinawadzudzulapo. Ndinaonanso kachewere wanga akuwolera kumunda chifukwa chosowa womukweza chitunda.

"Lembani, adokotala," ndinatero. "Lembani zonse, musasiye ngakhale imodzi."

Cha m'ma thili ndinali nditabwerera kwa kalaliki uja ndi envulopu yomata. Anawerenga, n'kuwerenganso, n'kulowa nayo kwa bwana wake. Atatuluka anandikokera mpando, chinthu chimene m'mawa sanachite. Ndalama imene anatchula tsopano sinali yolemeretsa munthu, koma njinga yogwirapo kale ntchito inkatheka. Ndinamuuza kuti andiwerengere fomu yonse m'Chichewa, mzere ndi mzere, ndipo anawerenga ngakhale ankaoneka kuti akufuna kuweruka. Ndinasaina dzina langa lonse pang'onopang'ono. Anati cheke chidzatuluka pakatha milungu isanu ndi umodzi.

Lachinayi ndinabwerera njira yomweyo. Mitengo ya thiransipoti inali yomweyo, maenje omwewo, kupatula kuti pokwera phiri kalole kanatentha injini ndipo tinakhala ola lathunthu pansi pa mtengo wa masuku tikudikira kuti kazizire. Pa boma a Saidi anafuna kumva zonse, koma ndinangowauza kuti zayenda, zina adzamva. Kunyumba ndinafika dzuwa litapendeka, ndipo sindinakhale pansi. Ndinamwa madzi n'kupitirira kwa mlembi wa mpingo, amene ndinamupeza akukonza khasu pakhonde.

"Mwayenda bwanji, amayi?"

"Ndayenda bwino, abambo. Kukubwera kalata yanga ya ku Blantyre. Musanaiwerenge, ndati mumve kwa ine mwini."

Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Akulu a mpingo atakumana, anandichotsa pa utsogoleri n'kundiika pa chilango cha miyezi itatu. Zinandipweteka, sindinama, ndipo sabata yoyamba ndinalira. Cheke chinachedwa mpaka mu Januwale, njinga ndinagula, ndipo khosi mpaka lero limandikumbutsa kukamazizira.

Pa ulendowu ndinaphunzira kuti ululu wosaoneka umafuna mwini wake aulankhulire, ngakhale kulankhulako kumuvule ulemu. Miyezi itatu ija ndinaikhala pabenchi lakumbuyo kwenikweni. Sabata yachiwiri mayi wina amene ndinamudzudzulapo pagulu chifukwa cha mphini za mwana wake anabwera kudzakhala pambali panga. Anangosendeza buku lake la nyimbo kuti tiyimbire limodzi, n'kulikweza m'mwamba pang'ono kuti ndisawerame.