Yemwe Anasempha Mwana Wanga

Amuna anga sanasemphe mwana. Ndikulemba pano chifukwa pakamwa zandikanika, komanso apongozi anga sawerenga mabuku.

Nditachira kuchipatala ku Mitundu, anamwino anatiuza kuti khanda tiziligoneka chagada, pamalo osawofuka, popanda pilo kapena mulu wa mabulangete, kutali ndi utsi wa fodya. Anati alipo makanda ena amene amangotsirizikira m'tulo, osadwala n'komwe. Anzanga anangogwedeza mitu. Ine, mwini satifiketi ya kukoleji, ndinakafufuza pafoni, ndipo mtendere wanga unathera pomwepo.

Kunyumba ku Nathenje, mwana akagona masana ndinkamuyang'anitsitsa pamimba. Kamimba kakachedwa kukwera, ndinkamukanda kuphazi. Akalira, ine mtima pansi. Koma mwana wosagona ndi wolongolola, ndipo wanga analira mpaka agalu a pamudzi anasiya kutembenuka.

Apongozi anapirira, kenaka anaitanira mwana wawo pakhonde. Kuno amati bambo akayenda ndi mkazi wina khanda likadali lanthete, walisempha, ndipo silipeza bwino.

"Bambo, kumsika wa Mitundu mumakagulitsa mbuzi zokha?" anafunsa apongozi.

"Ndi nkhuku zomwe, amayi."

"Nkhuku zake zovala zitenje?"

Amuna anga analumbira, natchula Mulungu ndi malemu bambo awo. Anandiyang'ana kuti ndiwaombole. Ine ndinali kupinda matewera, mwaluso ndithu.

Chigamulo chinali chakuti amuna anga azibwerako kumsika dzuwa lisanapendeke, ndipo ndudu asiye, poti ndizo zimawakokera kumagolosale. Apa m'pamene lilime langa linalemera. Za utsizo ndinali nditawadandaulira kuyambira ndili woyembekezera, iwo n'kumati, "Mayi, zimenezo n'za m'mabuku anu." Koma mayi awo atanena, fodya anatha tsiku lomwelo.

Kusikelo ndinawanong'oneza anamwino za kuphazi zija. Anaseka mpaka kugwira khoma.

"Mayi, mantha anuwo ndi a mayi aliyense. Mugonekeni chagada, pafupi ndi inu, nkhope ili poyera, ndipo muziyamwitsa. Kwinako musiyeni agone. Mwanayu si mlonda."

Ndinasiya, ngakhale pang'onopang'ono. Dzanja linkapita lokha, ine n'kulibweza. Mwana anayamba kugona, masaya n'kutuluka. Apongozi anamunyamula, namuyeza m'manja ngati dzungu.

"Mwaona, amake mwana? Munthu akalapa zimawonekera patali."

Amuna anga mpaka lero sadziwa chimene analapa. Alongo awo amawatchula bambo a nkhuku, ndipo akamva amangoweramitsa mutu n'kupita kukhola. Zimandipweteka, sindinama. Ndikaulula, dzina lawo liyera. Koma ndikuwadziwa: mawa lake ndudu ibwerera pakhonde, pafupi ndi zenera la mwana.

Nanga inu, ndinachita bwino kukhala chete? Kapena ndidikire kaye mwanayu ayambe kuyenda?