Chingwe cha a Asani

A Asani ankakumba zitsime ku Chinsapo, ndipo wogwira chingwe anali mkazi wawo, mayi Hafsah. Anyamata aganyu sankawakhulupirira. Ankati mnyamata akaona siketi ikudutsa amaiwala kuti kuchingwe kuli munthu. Ine ndinkakhala nawo mpanda umodzi, choncho zambiri ndinkaziona ndili pamakina anga osokera.

Nthaka ya kwathu a Asani ankaifotokoza motere: pamwamba pali katondo, kenako mwala wowola umene umafumbutuka ndi piki, pansi penipeni thanthwe la mizere yoyera ndi yakuda, yopindikapindika ngati chitenje chofinya. Munthu wina wokumba mijigo anawauza kuti thanthwelo linaphikidwa ndi kukanyika m'mimba mwa dziko kalekale, kusanakhale chamoyo choyenda. Zimenezi ankauza aliyense mpaka tinatopa nazo. Koma mfundo yawo inali imodzi, yoti madzi sakhala m'thanthwe, amakhala m'ming'alu yake. Mng'alu ukasowa, umaupanga wekha.

Iwo ankaupanga ndi moto. Ankaponya matayala akutha ndi zitsa m'dzenje n'kuyatsa, mwala ukapsa n'kuthira madzi ozizira kuti usweke. Zikatero mpweya wa pansipo umaipa, ndiye asanalowe ankayamba atsitsa nyale ya koloboyi ikuyaka. Ikazima, tsiku limenelo kunalibe ntchito.

Mu Okotobala wa 2005 zitsime za dera lathu zinauma. Tinkalawirira kumpopi wa kutali n'kubwerako ndi ndowa zopanda kanthu. Tinapempha a Asani kuti azamitse chitsime cha pampanda pathu. Unali mwezi wa Ramadani, bamboyo akusala kudya ndi kumwa, dzuwa likuswa mtengo.

Ataotcha thanthwe, m'mawa mwake anatsitsa nyale ija. Siinazime, koma lawi linachepa n'kumaphethira. Mayi Hafsah anati adikire tsiku lina. A Asani anaseka, amvekere nyale ikuyaka ndipo ana alibe madzi. Makani amenewo ankandinyansa, ndipo ndinawauza pamaso, koma ananditenga ngati wailesi ya kwa aneba. Analowa.

Pangano la awiriwa linali loti piki ikamalira, zonse zili bwino. Inalira ndithu, kenako inayamba kudukiza. Mayiyo anasuzumira n'kufunsa ngati ali bwino. Mawu anakwera mwaulesi: "N'chizungulire cha kusalaku, ndimachidziwa. Mwala wayamba thukuta, usandikoke."

Ine mantha anandigwira. Munthu wosadya ali pansi pa dzenje angasiyanitse bwanji chizungulire cha njala ndi cha utsi wa matayala? Piki inalira kamodzinso, n'kukhala chete.

Mayi Hafsah sanakuwe. Anangonditembenukira n'kunena kuti, "Amake Lettie, gwirani kumbuyoku." Mwayi unali woti mayiyo ndiwo ankamanga chingwe cha m'chiuno, ndi mfundo imene mwamuna wawo ankadandaula masiku onse kuti imathina. Tinakoka awiri, a Flywell ogulitsa makala anataya thumba n'kuthamangira, enanso anabwera. Chingwe chinatisupula m'manja. A Asani anatuluka khosi lili lende, maso otseka, thalauza litanyowa mpaka m'mawondo.

Anatsitsimuka tili panjira ya kuchipatala, ndipo choyamba kufunsa chinali chakuti madzi afika pati.

Madzi anabweradi, ozizira bwino, ndipo mpaka lero timamwa omwewo. A Asani anatsala ndi chifuwa komanso kuiwalaiwala. Atabwerako kuchipatala anapeza chingwe chawo chitadulidwa pakati, mkazi wawo atayanikapo zovala. Masiku ano amakhala pakhonde, kuuza aliyense wodutsa za thanthwe lopindika, nthawi zina kawiri munthu yemweyo.

Mayi Hafsah amalambalala chitsimecho ndi ndowa pamutu, ulendo wa kumpopi wakutali uja. Tsiku lina ndinawakalipira kuti akudzizunziranji madzi ali pakhomo. Anatula ndowa, n'kundionetsa zikhatho zawo.

"Ndinayesapo," anatero. "Ndowa ikadzadza, chingwe n'kulemera, manja angawa amayesa ndi abambowa."