Tutu wa Masikito

Tikunyamuka ulendo wa ku Canada mu 1974, apongozi anga anatikakamiza kutenga masikito. Bambo akunyumba anawafotokozera kuti kumeneko n'kozizira, koma iwo anangoti, "Udzudzu ulibe dziko." Netiyo inakhala zaka ziwiri pansi pa sutikesi m'nyumba yathu yosanja ku Scarborough, ikununkha mankhwala a njenjete.

Kenako mwana wathu wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri, analowa kalasi ya bale, gule uja amavina ataimira zala zakumapazi. Tsiku lina anabwera ndi kalata yoti pa chionetsero mwana aliyense adzavale tutu woyera, chovala cha guleyo. Ankaiwerenga kalatayo ngakhale pa nthawi ya chakudya. Anali yekha wakhungu lakuda m'kalasimo, ndipo ankangofuna chinthu chimodzi: kufanana ndi anzake pamzere.

Nditaweruka kuntchito yanga yosamalira okalamba, ndinadzera kusitolo. Atandionetsa tutuyo ndinafunsa kuti mbali yotsalayo ili kuti. Kasiketi kake kanali kotambalala ngati lichero, kosabisa kanthu. Musaiwale kuti zaka zimenezo kwathu mkazi wovala diresi yolekeza pamwamba pa mawondo ankathana ndi apolisi, ndipo ine ndinaphunzira sukulu ya mishoni kumene ankatigwaditsa kuti aone ngati mpendero ukukhudza pansi. Ndinatuluka m'sitolomo mtima uli m'mwamba.

"Walira mvula walira matope," anatero bambo akunyumba. "Munamulembetsa nokha gule ameneyu."

Ndinatulutsa masikito aja, ndinawachapa, ndinawathira sitachi, n'kukhala pamakina. Kusoka ndimatha, pamenepo sindidzichepetsa. Ndinasanjikiza netiyo kanayi, makwinya ake okongola, lamba wa riboni. Nditamaliza ndinamugwaditsa mwanayo pabalaza, mpendero n'kukhudza kapeti bwinobwino.

"Mum, it's too long," anatero, misozi ili lengelenge.

"Ukayankha Chizungu sindikumva," ndinatero, ngakhale ndinamva zonse.

Loweruka la chionetsero tinakwera basi, tutu ali m'pepala la pulasitiki, chipale chofewa chikugwa. M'chipinda chosinthira munali atsikana oyera mbee, aliyense ndi kalichero kake m'chiuno. Wanga anaoneka ngati bedi lomwe aiwala kukweza neti yake m'mawa. Kamtsikana kena kanamufunsa ngati akukwatiwa. Mwana wanga sanalire. Anangopita kuseri kwa majasi opachikidwa pakhoma n'kuima pamenepo, mapazi okha akuoneka.

Aphunzitsi awo anali mayi wachikulire wowonda, woyenda chilili ngati anameza ndodo. Anamutulutsa mwanayo, n'kugwira nsaluyo, n'kuinunkhiza. Anandifunsa kumene ndinaphunzira kusoka tutu wamakedzana. Akuti kalekale ovina onse ankavala otalika chomwechi, ofika m'akatumba, opepuka kuti wovina azioneka ngati mzimu. Anayamba kuwafupikitsa pambuyo pake, pang'onopang'ono, kuti oonerera aziona ntchito ya miyendo.

Ndinadzimva kukoma. Kani amishoni aja ndi azungu a bale anali amodzi!

"Koma lero si mizimu," anapitiriza. "Lero ndi tiana ta bakha. Ndifuna ndione mawondo ake."

"Mawondowo ndi amene ndikubisa," ndinatero.

Anakweza mapewa n'kunena kuti akhoza kumuika kumbuyo, pafupi ndi katani, kumene sadzasokoneza mzere. Mwana wanga anamva. Anandiyandikira, ndipo iye amene Chichewa tinkachita kumukoka nacho, anati, "Amayi, chonde. Ndinapulakitisa kutsogolo."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinachita manyazi, osati ndi mawondo ake, koma ndi ine mwini. Apolisi aja anali kutali, kuseri kwa nyanja yamchere, koma ine ndinabwera nawo m'mutu mwanga kudzagwira mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri.

M'chikwama changa simusowa sizasi. Ndinagwada pasimenti, ine tsopano, nditavala suti yanga ya kutchalitchi, n'kuyamba kudula mozungulira. "Pamenepa?" Mwanayo ankapukusa mutu. "Pamenepa?" Ayi ndithu. Ndinakwera, n'kudutsa bondo, ndikupempha chikhululukiro chamumtima kwa amayi onse a Mvano. Sitachi inandithandiza: neti itafupika inadzuka yokha n'kutambalala. Panali pokhota kumanzere, koma bakha wake uti amene ali wowongoka?

Anavina kutsogolo. Anatembenukira kolakwika kawiri, n'kugundana ndi kamtsikana ka ukwati kaja, koma kuchokera pampando wanga ndinavutika kaye kumupeza pakati pa timalichero tija, ndipo n'zimene iye ankafuna. Bambo akunyumba ankawomba m'manja ngati ali ku mpira.

Chithunzi chimene tinatumiza kumudzi ndinachidulanso ndi sizasi yomweyo, cholekeza m'chiuno. Patapita miyezi iwiri kalata ya apongozi inafika. Anayamikira kuti mdzukulu wawo wanenepa, kenako anafunsa ngati masikito aja akugwira ntchito.

Ndinamupatsa mwanayo cholembera kuti ayankhe yekha, ine ndikumuthandiza kalembedwe. Analemba kuti, "Agogo, neti yanu ndinaigwiritsa ntchito. Sindinalumidwe."