Mapazi a Sowo pa Thabwa Lachisanu

Tsiku limenelo tinalipo asanu m'galaja ya a Mbewe ku Speedway. Panali a Mbewe eni nyumba, mkulu wa mpingo wathu wa Amalawi okhala kuno kunja, umene umapemphera m'holo ya lendi ku Lafayette Road. Panali mwana wanga Limbani, nesi wa pachipatala ku South Bend, amene ndimakhala naye. Panali mwana wake Tadala, mdzukulu wanga, amene Chichewa amamva koma kuyankha amayankha m'Chizungu. Panali mzungu wokalamba woyandikana ndi a Mbewe, amene anatipatsa matabwa ogumula pa khola la makolo ake. Ndiye panali ine, Wilisoni Kachingwe, kalipentala wa zaka makumi anayi pa ntchito, funsani ku Ndirande akuuzani. Achisanu ndi chimodzi anabwera osaitanidwa, ndipo amene anawaona ndine ndekha: agogo anga a Mpinganjira, amene tinawaika m'manda ndisanakwatire.

Mpingo unkafuna tebulo la Mgonero, ndipo popeza ine sindibisa zimene ndimadziwa, onse anati ntchitoyi ndi ya a Kachingwe. Matabwa anali asanu, okwanira ndendende pamwamba pa tebulo, popanda lotsala. A Mbewe anali atabwereka makina opalira, kanthu kakang'ono ngati sutikesi. Ndinaseka mpaka mzungu uja anacheuka, ndipo ndinawauza kuti ine ndinaphunzirira pa chimakina choti kuchisuntha pamafunika amuna khumi.

Ndisanapale ndinayamba ndawawerengera matabwawo, kuti aone kuti amene wabwera si munthu wamba. Atatu anali ndi mizere yokhota ngati utawaleza, ndipo ndinati awa anadutsa pa sowo yozungulira ya injini. Lachinayi linali ndi mizere yowongoka, yotalikirana mofanana ngati anayeza ndi rula. Imeneyo sindinaidziwe. Mzungu uja anafotokoza, Limbani akumasulira, kuti kale injini zisanabwere kunali sowo yoyendetsedwa ndi madzi a mtsinje, yokwera ndi kutsika yokha munthu atangoima pambali. Ndinagwedeza mutu ngati ndinkazidziwa kale. Ndinalowetsa anayi aja m'makina, natuluka osalala ngati tsaya la khanda.

Nditaika chikhatho pa lachisanu, mawu anandithera, ine amene mawu sandithera. Mizere yake inali yopendekeka, yosalingana, pena yothinana, pena yotayana, pena ngati sowo inaima n'kuyambiranso mopotoka pang'ono. Thabwa lotero sachita makina. Amachita anthu awiri, wina pamwamba, wina m'dzenje. Ine ndinkayesa kuti azungu anabadwa makina ali m'manja, kani nawonso anali ndi munthu wawo woima pansi.

Ndikawakumbukira agogo, chimene chimayamba kufika ndi fungo la mlombwa wongochekedwa kumene, losakanikirana ndi thukuta ndi fodya wa m'mphuno, fungo limene linkatsala pa mphasa ngakhale iwo atadzuka kalekale. Dzenje lawo linali pamtsetse, m'munsi mwa phiri kwathu ku Dedza. Ankagubuduzira chipika pa mitanda iwiri, n'kutenga chingwe chonyika m'makala osinja, kuchikoka ngati uta ndi kuchisiya kuti chimenye mtengo, chisiye mzere wakuda. Sowo inali yaitali kuposa munthu, yokhala ndi zogwirira mbali zonse. Pamwamba pankaima alamu awo a Kwenda, munthu wowonda, wolongolola ngati mpheta, ndipo pansi pankaima agogo, chifukwa mapewa awo anali ngati a ng'ombe ya pangolo. Kuyambira dzuwa likutuluka mudzi wonse unkamva sowo ikupuma, kukwera, kutsika, kukwera, kutsika, ndipo ikaleka amayi ankadziwa kuti nthawi yondituma ndi madzi yakwana.

Madzulo agogo ankatuluka m'dzenjemo ali ofiira kuyambira kumutu mpaka kumapazi, oyera mano okha. Amayi ankawakhazika pakhonde, kuwatsegula zikope ndi kuwauzira m'maso kuti utuchi utuluke, kenako kuwatsuka m'masomo ndi madzi a mchere, iwo akutukwana. Sanali munthu wofatsa ayi, ndipo sindinawamvepo akuyamika munthu. A Kwenda akayamba kudzitama kuti mwini mzere ndi wapamwamba, agogo ankangoyetsemula n'kunena kuti: "Wapamwamba amaona mzere, wapansi amadya utuchi, koma thabwa n'la awiri."

Kenako kuphiri kunabwera kampani ndi sowo yozungulira, yonga mbale yaikulu ya mano, yokokedwa ndi lamba kuchokera pa injini ya dizilo. Kulira kwake kunkamveka mpaka kusukulu. M'mawa umodzi inkacheka zimene agogo ndi a Kwenda ankacheka mwezi wathunthu. Anthu sanawanyoze ayi, anangosiya kubwera. Nthawi yomweyo n'kuti maso a agogo atayamba kuchita nkhungu. Akuchipatala anati ndi ng'ala, koma pamudzi aliyense ankadziwa kuti ndi utuchi.

Mtengo wawo womaliza unali mlombwa waukulu umene anauleka dala zaka zonsezo. Anaucheka pang'onopang'ono, nyengo yonse ya chilimwe, popanda wowafulumizitsa, natulutsa matabwa khumi ndi awiri: asanu ndi limodzi a bokosi la a Kwenda, asanu ndi limodzi a bokosi la agogo. A Kwenda anatsogola, matabwa awo napita nawo. Matabwa a agogo anakhala kutsindwi, pamwamba pa mitanda ya nyumba, akudetsedwa ndi utsi.

Chaka chilichonse tikakolola agogo ankandiuza kuti ndiwatsitse, ati tione ngati chiswe chalowa. Chiswe sichidya mlombwa, zimenezo ndinadzazidziwa nditakula. Ankakhala pansi, thabwa pamiyendo, maso atayang'ana kumwamba kumene sankaona kanthu, zala zikuyenda pang'onopang'ono. Ankati sowo imasiya mapazi ngati nyama pamchenga. Apa, ankatero, a Kwenda anatsokomola. Apa mvula ya chizimalupsa inatipeza, tinadzayambiranso mkuja. Apa ndinali nditangonola mano a sowo, taona kuthinana kwake. Apa tinakangana za mbuzi, alamu anakoka ndi mkwiyo mpaka kuphonya mzere. Pamenepo ankaseka okha, n'kugwira dzanja langa kuti nane ndimve. Ine ndinkangomva thabwa lokhakhala, ndipo mtima unali kumpira.

Nditamera ndevu ndinapeza ntchito pa shopu ya matabwa kuboma, kumene kunali chimakina chopalira chija. Ha, mukanandiona. Ndinkabwera kumudzi pensulo ili kukhutu, ngakhale kuti kulemba kwanga n'kumene mukukuonaku. Ndinkawafotokozera agogo mmene thabwa limalowera uku lili ndi mabala n'kutulukira uko likunyezimira, ntchito ya puleni ya pamanja ya tsiku lonse kutha munthu asanamalize kuyasamula. Anamvetsera, kenako anafunsa kuti pamakinapo woima pansi ndani. Ndinati palibe. Anati nanga utuchi umagwera yani? Ndinati umangogwera pansi, wina amasesa. Anangofwenkha fodya.

Chifuwa chitawagwira, anakagona kuchipatala cha mishoni sabata ziwiri. Ine m'mutu mwanga munabwera nzeru imene ndinaiona ngati yaikulu. Ndinati agogo anga sangapite m'bokosi lokhakhala ngati la munthu wopanda mdzukulu. Sindinafunse munthu. Ndinatsitsa matabwa aja, kuwakweza pa ngolo, ndipo Loweruka masana abwana atachoka ndinawadutsitsa pamakina limodzi limodzi, mbali zonse ziwiri. Utsi wa zaka zonse unachoka, mlombwa unatuluka wofiira ngati nyama ya chiwindi. Ndinaima n'kudziyamika ndekha.

Atatuluka m'chipatala ndinaitana amayi, azakhali ndi anthu oyandikana nafe kuti adzaonerere. Agogo ndinawaika thabwa loyamba pamiyendo, ndikumwetulira. Zala zinanyamuka monga mwa masiku onse, zinayenda mpaka kumapeto, zinabwerera. Analitembenuza. Anapempha lachiwiri, lachitatu, mpaka lomaliza, ndipo lililonse ankalitembenuza, kufufuza ngakhale m'mphepete.

"Mwapala bwino, a kalipentala," anatero. Chibadwire anali asananditchulepo kuti inu. Kenako anafunsa motsitsa mawu: "Nanga a Kwenda mwawasiya kuti?"

Ndinayankha ngati chitsiru. Ndinati zopalidwazo anasesa, mayi wina woweta nkhuku anatenga.

Sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanandigenda ndi ndodo monga ankachitira ndikataya madzi panjira. Anangoti ndiwabwezere kutsindwi. Chaka chotsatira titakolola ndinadikira kuti andiitane. Sanandiitane. Ankangokhala pakhonde, manja ali pamaondo, opanda chogwira. Mvula isanagwe anamwalira.

Bokosi ndinakhoma ndine. Ndipo tamverani chimene chimandiwawa mpaka lero: pamaliropo anthu analiyamika. Ochokera midzi ina ankafunsana kuti wapanga ndani bokosi lonyezimira chonchi, ndipo dzina la Wilisoni linayambira pamenepo. Ndinapita ku Blantyre, ndinagwira sowo ya lamba, ndinagwira makina obowola ndi osema miyendo ya mipando, ena anandidya nsonga ya chala ichi, ndipo kuno Limbani anandionetsa ena oyendetsedwa ndi kompyuta, osema maluwa pa chitseko mwini wake akumwa khofi. Zonsezi ndazisimba pa maukwati, pa maliro, m'basi, kwa ofuna kumva ndi osafuna. Za matabwa asanu ndi limodzi aja sindinauzepo munthu, ngakhale malemu mayi ake a Limbani.

Ndiye m'galaja muja ndinali chiimire, chikhatho pa thabwa lachisanu, makina akulira kudikira. Chala changa chinapeza pamene sowo inaima n'kuyambiranso, ndipo ndinamva fungo la fodya wa m'mphuno. Ndinawerama n'kuzula waya kukhoma.

A Mbewe anayesa kuti magetsi avuta. Ataona waya m'manja mwanga anati, "Achikulire, taimu ikutha, tingofinisha limeneli tiyambe kujoina."

"Ili silipalidwa," ndinatero, ndipo ndikudziwa kuti ndinakuwa, chifukwa Tadala anatseka makutu.

Iwo anayankhula zanzeru, sindingawanamizire. Anati popanda limenelo tebulo lichepa, ndipo likalowa chomwecho chikho cha Mgonero chizigwedera, nsalu izikodwa. Anatinso ndine ndemwe ndinalonjeza pamaso pa mpingo kuti nkhope izioneka pa tebulolo ngati pagalasi. Zoona, ndinatero. Limbani, poti ndi nesi, anathamangira kundigwira pamkono, kufunsa ngati ndamwa mankhwala a shuga. Ndinamukankha. Ndinatuluka, ndinakakhala m'galimoto n'kutseka chitseko.

Patapita nthawi pang'ono ndinamva makina akuliranso. Ndinawerenga ndi khutu: mbali yoyamba, mbali yachiwiri. Ndinati basi, kachiwiri, ndipo ulendo uno ndinali ndikudziwa, koma ndathawa. Ndinalira mmene sindinalirire pamaliro a agogo, pamene ndinali wotanganidwa ndi kulandira mayamiko.

Tinanyamuka dzuwa likadali pamwamba. Msewu wa ku South Bend ndi wautali, wowongoka, minda ya chimanga mbali zonse mpaka kumene maso alekezera. Tadala anagona kumbuyo. Limbani ankangodiraiva, osafunsa kanthu, ndipo mwina n'chifukwa chake ndinayamba. Ndinamuuza zonse, za dzenje, za a Kwenda, za ngolo, za mayi wa nkhuku. Aka kanali koyamba kuti mwana wanga andipemphe kukweza mawu.

Nditamaliza Limbani anapitiriza kudiraiva mtunda wautali. Tinadutsa mlatho, tinadutsa pomwetsera mafuta. Kenako, maso ali pamsewu, anati:

"Bambo, makina munamva aja timapala shelefu ya a Mbewe, ndi imene yalowa pa tebulo. Thabwa lija lili kubuti, ndawapempha. Ndinalikhudza, koma ine sindinamve kanthu. Tikafika mundigwire dzanja mundionetse pamene wapansi anakoka."