Anati timukhazike padzuwa

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi alamu anga, amene ankayendetsa pikapu pa Jenda. Ndinali nditangomaliza Fomu 4, ndikungokangana ndi anthu pakhomo. Ananditengera ku shedi ya fodya kunja kwa tauni, n'kundisiya m'manja mwa kapitawo, a Jere.

Ntchito inali kusankha fodya: wowala payekha, woderapo payekha, wong'ambika payekha. Tikamanga timitolo, tinkadinda pa jeke, makina opanikizira fodya, n'kusoka belo m'chiguduli. Mazenera ankakhala otseka kuti fodya asaume n'kumatetheka, ndiye fumbi lake linkafika mpaka m'mano.

Amene anandiphunzitsa ntchitoyi anali a Mvula, bambo ofatsa a ku Euthini. Iwowa thupi lawo linkadana ndi fumbi. Likawapeza, khosi lonse ziwengo, maso psuu, kuyetsemula kosalekeza. Tsono a Jere anali atamva pa wailesi kuti osowa vitamini D amavutika ndi ziwengo, ndiponso kuti thupi limapanga vitaminiyo likawombedwa ndi dzuwa. Basi linasanduka lamulo. Wina akangotsokomola, "Tuluka ukawothe dzuwa, mbwenu uchira."

Tsiku lina tinamasula mabelo obwezedwa ku msika chifukwa cha nkhungu. A Mvula atangoweramira belo loyamba, ndinamva pachifuwa pawo pakulira ngati likhweru. Milomo inayamba kutupa. A Jere anati tiwakhazike pa chitsa panja, ife tibwerere ku jeke.

Ndinabwereradi, koma maso ali pakhomo. Munthu uja anagwira pakhosi ndi manja onse awiri, kukamwa yasa, mawu osatuluka. Milomo ija inayamba kuda. Ndinali ndisanaonepo munthu akufa.

"Adada, munthuyu akupita!" ndinakuwira a Jere.

"Ali bwino chomene, dzuwa likugwira ntchito. Iwe ndiwe dokotala?"

Ndinawatukwana a Jere mawu oti sindingalembe pano. Anati ndikatuluka pa geti ndisadzapondenso. Ndinatenga njinga yonyamulira ziguduli, anzanga n'kuwakweza a Mvula pa kaliyala, n'kuwamangirira kumsana kwanga ndi chingwe chosokera mabelo.

Ulendo wa kuchipatala umenewo sindifuna kuukumbuka. Mutu wawo unkandimenya pamsana pa bampu iliyonse. Ndinkapalasa ndikumvetsera likhweru lija, poti ndilo linkandiuza kuti akadali moyo. Titatsala pang'ono kufika pa tala linasiya. Ndinaitana dzina lawo, zii. Ndinapalasa ndikulira ngati mwana, ndikuganiza kuti ndabereka maliro, ndipo akazi awo ndikawauza chiyani.

Kuchipatala namwino anawabaya jekeseni pantchafu, n'kuwaveka chopumira kumaso. Ine ndinakhala pansi pakhonde. Patapita nthawi ndinamva kutsokomola mkatimo.

Namwinoyo atatuluka ndinamufunsa za dzuwa. "Za vitamini D ndi ziwengo akatswiri akufufuzabe," anatero. "Koma munthu akubanika, achimwene, dzuwa si mankhwala. Mukanachedwa pang'ono tikanakamba zina."

Ntchito ija inathera pomwepo, ndipo a Mvula anabwerera kwawo kukalima chimanga. Lero ndine kapitawo pa shedi ina. Antchito amati ndine wolusa, ndipo sakunama. Koma wina akagwira pakhosi mpweya ukukana, jeke imaima, belo likhale losasoka, timanyamula kaye munthu.